Kodi Mlandu Suola?

KWA APHUNZITSI

Nkhani iyi yakonzedwera ana a m'makalasi a pamwamba a sukulu za pulaimale. Isanayambe, lembani pa bolodi mau awa: wodandaula, wosumiridwa, chikalata cha dandaulo, malire a nthawi. Mwana aliyense akhale ndi pensulo ndi pepala, pakuti pakati pa nkhani tidzawerengera zaka pamodzi.

NKHANI

Moni wapadera upite kwa anzathu a m'boma la Rufunsa, m'madera a Amfumu Mpanshya, Amfumu Bunda Bunda ndi Amfumu Shikabeta, pakuti zitsanzo zathu za lero tizitenga kwanuko.

Makolo athu anatisiyira mau akuti mlandu suola. Munthu akabwereka mbuzi osabweza, ngakhale papite zaka zambiri, adzukulu a mwini mbuzi angapite kwa mfumu kukakumbutsa, ndipo akuluakulu adzakhala pansi kuti amve. M'mudzi zimenezi zimatheka chifukwa anthu ake ndi omwewo, ndipo aliyense adziwa khola limene mbuziyo inatulukamo. Koma ku makhoti a boma amene amatsata malamulo olembedwa, monga khoti la mejisitireti ndi Khoti Lalikulu, zinthu zimayenda mosiyana. Kumeneko mlandu uli ndi msinkhu wake. Ukakalamba, khoti likhoza kukana kuumva, ngakhale wodandaulayo akunena zoona zokhazokha.

Lero tiona mtundu umodzi wa milandu, ndiwo mlandu wa munthu amene wanamizidwa pa malonda ndipo afuna kuti chuma chake chibwezedwe. Za kumanga wakuba ndi nchito ya apolisi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

KUNAMIZA PA MALONDA

Mseu waukulu wa Great East Road umachoka ku Lusaka, nudutsa pa Chongwe, pa Chinyunyu ndi pa Rufunsa, nuoloka mtsinje wa Luangwa kulinga ku Chipata. M'mbali mwa mseu umenewu anthu amagulitsa makala, nkhuku, bowa ndi masuku, ndipo ndalama zimene apeza amagulira mbeu, feteleza, njinga ndi mafoni. Pamene pali malonda pali mau ambiri, ndipo mauwo sali onse ofanana.

Mtsikana wogulitsa masuku akamafuula kuti masuku ake ndi okoma koposa ena onse, sanalakwire lamulo. Kumeneko ndi kutama malonda chabe, ndipo wogula aliyense adziwa zimenezo. Koma munthu akatenga chimanga cha m'nkhokwe, nachipaka utoto, nachiika m'thumba, nauza mlimi kuti ndi mbeu ya ku kampani, ameneyo wanena bodza pa chinthu chenicheni. Mlimiyo wakhulupirira, wapereka ndalama, ndipo munda wake sudzabala monga anayembekezera. Tsono gwirani zinthu zitatu izi: mau abodza onena za chinthu chenicheni, munthu amene wagula chifukwa chokhulupirira mauwo, ndi chuma chimene chataika. Zitatuzi zikakumana, mlandu wabadwa.

Dziko la Zambia lili ndi malamulo oteteza munthu wotere. Lina limatchedwa Misrepresentation Act, ndipo lili pa Chaputala 69 cha malamulo a dziko lino. Lamulo limeneli limathandiza wogula ngakhale pamene wogulitsa sananame mwadala, ngati analankhula popanda chifukwa chokwanira chokhulupirira zimene ananenazo. Lina ndi Competition and Consumer Protection Act la chaka cha 2010, limene limaletsa wamalonda kunena zabodza kapena zosocheretsa pa katundu wake. Lamulo lomweli limaletsanso zikwangwani za m'masitolo zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa.

MALIRE A NTHAWI

Tsopano tifike pa nthawi. Lamulo lalikulu loika malire a nthawi yosumira linalembedwa ku England m'chaka cha 1939, ndipo dzina lake ndi Limitation Act. Dziko lathu linalitengera kumeneko, ndipo lamulo lathu la pa Chaputala 72 linasinthamo zina. Lembani manambala atatu awa pa pepala lanu. Mlandu wa pangano losweka, wa ngongole, kapena wa chuma chimene munthu wataya chifukwa cha kulakwa kwa mnzake, uyenera kufika ku khoti zisanathe zaka 6. Mlandu wofuna kubwezeredwa malo uli ndi zaka 12. Mlandu wa munthu amene wavulazidwa m'thupi chifukwa cha kusasamala kwa wina, monga pa ngozi ya galimoto, uli ndi zaka 3 zokha. Muyeso wa zaka 6 ndi wakale ndithu, pakuti unalimo kale m'lamulo la ku England la chaka cha 1623.

Mwina wina afunsa kuti, kodi lamulo lotere silikondera wolakwa? Taganizani za woweruza. Iye kunalibe pa tsiku la malonda, ndipo zonse amamvera kwa mboni ndi m'mapepala. Zikapita zaka zambiri, mboni zina zimamwalira, zina zimasamukira kutali, ndipo zotsala zimaiwala kapena kusokoneza masiku. Malisiti amadyedwa ndi chiswe. Woweruza akaweruza pa umboni wotere, akhoza kulipiritsa munthu wosalakwa. Ndiponso si bwino kuti munthu akhale ndi mantha moyo wake wonse kuti tsiku lina adzaitanidwa pa nkhani imene iye anaiwala kalekale. Motero lamulo limauza wolakwiridwa kuti, uli ndi ufulu wosuma, koma usagone nao.

NTHAWI IYAMBA LITI?

Funso lovuta ndi lakuti zakazo tiyambe kuziwerenga liti. Tiyerekeze chonchi. Mai wina wa ku Chinyunyu wasunga ndalama za mtedza ndi makala kwa zaka zingapo. M'chaka cha 2018 wapita ku Lusaka, wagula chigayo. Wogulitsa wamuuza kuti injini yake ndi yatsopano, sinagwirepo nchito. Chigayo chafika pamudzi, koma chizimazima kawirikawiri. Maiyo aganiza kuti mwina ndi dizilo woipa, mwina ndi mnyamata woyendetsa. M'chaka cha 2020 makaniko watsegula injini, napeza kuti zitsulo za m'kati ndi zotha, ndipo chatsopano ndi utoto wa kunja wokha.

Ngati dandaulo la maiyo ndi lakuti pangano linasweka, zaka ziwerengedwa kuchokera pamene linaswekapo, ndiye pa tsiku limene anapatsidwa injini yakale m'malo mwa yatsopano. Werengerani: 2018 kuonjezera zaka 6. Mwapeza chiyani? Inde, 2024.

Koma lamulo lidziwa kuti wachinyengo amabisa chinyengo chake. Chifukwa chake limanena kuti pamene pali chinyengo, nthawi siyamba kufikira wonyengedwayo atachizindikira, kapena kufikira tsiku limene akadachizindikira akadakhala wosamala. Ngati maiyo atsimikizira khoti kuti wogulitsa anadziwa kuti injini ndi yakale nanama mwadala, zaka ziyambira mu 2020. Werengeraninso: 2020 kuonjezera zaka 6 ndi 2026.

Samalani ndi mau aja akuti akadakhala wosamala. Ngati makaniko anachenjeza maiyo mu 2019 kuti injini ikumveka ngati yakale ndipo itsegulidwe, koma iye anazengereza, khoti likhoza kuyambira mu 2019. Munthu amene watseka maso dala sanganene kuti sanaone.

CHIKALATA CHA DANDAULO

Munthu akasuma ku Khoti Lalikulu, nkhani yake imalembedwa m'chikalata cha dandaulo. M'menemo amalemba amene ananena mau abodza, mau amene ananenedwa, tsiku ndi malo ake, ndi chuma chimene chinataika. Ngati akunena za chinyengo, ayenera kuchitchula poyera ndi kufotokoza m'mene chinachitikira. Wosumiridwa naye amalemba yankho lake. Pa tsiku la mlandu woweruza amaweruza pa nkhani zimene zalembedwazo. Cholinga chake nchakuti munthu asadzidzimutsidwe m'khoti ndi nkhani imene sanaikonzekere.

Nanga munthu akaiwala kanthu polemba? Makhoti amalola kukonza chikalata, pakuti nchito yao ndi kuweruza mkangano weniweni wa anthuwo. Dzina lolembedwa molakwika, tsiku losokonezeka, mau osamveka bwino, zonsezi zimakonzeka, makamaka wopemphayo akalipira zimene mnzake waonongerapo chifukwa cha kusinthako.

Vuto limabuka pamene munthu afuna kuonjezera mlandu watsopano nthawi yake itatha kale. Mau oonjezeredwa m'chikalata amawerengedwa ngati kuti analembedwa pa tsiku loyamba lija. Mukuona chimene chingachitike? Zili monga munthu wofika mochedwa ku chigayo, amene athira chimanga chake m'thumba la mnzake wa kutsogolo kwa mzere kuti chigayidwe msanga. Mlandu umene ukadakanidwa utabwera wokha ungalowe mobisala m'chikalata chakale.

Nkhani yotchuka ya zimenezi inachitika ku London m'chaka cha 1887. Kunali mai wina woimba nyimbo dzina lake Georgina Weldon, amene anatchuka chifukwa chodziimira yekha m'makhoti popanda loya. Iye anasumira munthu wina dzina lake Neal kuti anamuipitsira mbiri ndi mau. Pambuyo pake anafuna kuonjezera m'chikalata chake madandaulo ena, monga akuti anagwidwa mwankhanza ndi kutsekeredwa popanda chifukwa. Pamene anayamba kusuma, madandaulo amenewa anali akali ndi nthawi, koma pamene anafuna kuwaonjezera nthawi yake inali itatha. Khoti la apilo, motsogozedwa ndi Lord Esher, linakana. Linaona kuti kulola kukadalanda wosumiridwayo chitetezo chimene lamulo la nthawi linali litampatsa kale.

Patapita zaka, malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku England anafewetsedwa pang'ono. Anapatsa khoti mphamvu yolola mlandu watsopano ngakhale nthawi itatha, ngati mlanduwo uchokera m'zochitika zomwezo zimene zinalembedwa kale m'chikalata, kapena zofanana nazo kwambiri. Malamulo amenewa ali m'buku limene maloya amalitcha White Book, ndipo Khoti Lalikulu la Zambia limatsata buku la chaka cha 1999 pamene malamulo athu sananenepo kanthu.

Tibwerere kwa mai wa chigayo uja. Tinene kuti anasuma mu 2023, nalemba za injini yokha. Mu 2025 wakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba, pa tsiku lomwelo la malonda wogulitsa ananenanso kuti chigayocho chigaya matumba ambiri pa tsiku, pamene sichifika ngakhale theka lake. Chachiwiri, pa mwezi wina wa chaka chomwecho cha 2018, munthu yemweyo anamgulitsa ngolo ya ng'ombe, nanena kuti matabwa ake ndi a mtengo wolimba, koma ngoloyo inathyoka chaka chisanathe.

Nkhani yoyamba ndi ya chigayo chomwecho, tsiku lomwelo ndi mboni zomwezo. Wosumiridwa sadzavutika kuiyankha, choncho khoti likhoza kuilola. Nkhani ya ngolo ndi malonda ena, a tsiku lina, ofuna mboni zina. Maiyo anaona kuthyoka kwake mu 2018, ndipo zaka 6 zinatha mu 2024. Khoti lidzaikana. Akadailemba pamene anasuma mu 2023, ikadamveka. Ndalama za ngolo zataika chifukwa chosanena zonse pa tsiku loyamba.

MLANDU WA KU AUSTRALIA

Mafunso amenewa savuta anthu a kumidzi okha. Amavutanso maboma ndi mabanki. M'mwezi wa Okutobala 1987 banki yotchedwa Rothwells, ya mu mzinda wa Perth ku Australia, inali pafupi kugwa. Boma la chigawo cha Western Australia linalonjeza banki ina kuti ikakongoza Rothwells ndalama ndipo ndalamazo zikataika, bomalo lidzalipira. Rothwells inagwa ndithu m'chaka chotsatira. Bomalo linasumira kampani yotchedwa Wardley, likunena kuti inalisocheretsa poliuza kuti Rothwells ili ndi chuma chokwanira.

Pa nthawi imeneyo lamulo la ku Australia linapereka zaka 3 zokha pa milandu ya kusocheretsa pa malonda. Mu Januwale 1991 bomalo linakonza chikalata chake, nkuonjezeramo mau ena amene linati ananenedwa mu Okutobala 1987. Werengerani nokha: zaka 3 zinali zitapitirira ndi miyezi yowerengeka. Woweruza woyamba anachotsa mau oonjezerawo. Koma mu 1992 khoti lalikulu koposa la dzikolo linaweruza kuti nthawi inali isanathe. Linati pa tsiku limene boma linalonjeza linali lisanataye kanthu, pakuti lonjezolo linali lakuti lidzalipira ngati zinthu zidzaipa. Kutaya kunadza pambuyo pake, pamene kulipirako kunafunikadi, ndipo zaka ziyambira pamenepo. Oweruzawo anachenjezanso kuti funso la nthawi lisathamangiridwe umboni usanamvedwe, pokhapokha nkhani ikakhala yoonekeratu.

Chiweruzo cha ku Australia sichilamula makhoti a Zambia. Komabe maiko awiriwa anatengera malamulo ao ambiri ku England, ndipo oweruza ao amawerenga maganizo a anzao. Ife tiphunzirapo kuti tsiku loyambira kuwerenga ndi nkhani imene ngakhale oweruza ophunzira amasiyanapo maganizo. Boma lija linali ndi ndalama zokwera nazo makhoti atatu. Mlimi wa ku Rufunsa alibe ndalama zotero, ndipo chitetezo chake ndi kufulumira.

ZOYENERA KUCHITA

Ana inu mudziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo apa ndi pamene mungathandize makolo anu. Akagula chinthu cha mtengo wapatali, akumbutseni kupempha lisiti, ndipo mulisunge m'chitini chotseka bwino. Lembani m'kope tsiku la malonda, mau amene wogulitsa ananena, ndi maina a anthu amene analipo. Chinthucho chikaonongeka, lembaninso tsiku lake ndi zimene makaniko wapeza.

Kukambirana ndi chinthu chabwino, ndipo mikangano yambiri imathera pa bwalo la mfumu kapena pakati pa achibale. Koma dziwani kuti pamene anthu akukambirana, zaka za lamulo zikupitabe. Wogulitsa akamati bwerani mwezi wa mawa, mwezi ukatha natinso bwerani tikakolola, mau apakamwa amenewo saimitsa nthawi. Pa nkhani ya ngongole, nthawi imayambanso pamene wokongolayo wavomera ngongoleyo m'kalata nasaina, kapena pamene walipirako gawo lina. Anthu ambiri amachita manyazi kusumira munthu wodziwana naye, nadikira chaka ndi chaka. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwaukwau.

Malo opitako alipo. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene likulu lake lili ku Lusaka, limalandira ndi kufufuza madandaulo a ogula. Khoti la Small Claims limamva milandu ya ndalama zochepa, ndipo kumeneko munthu amadzilankhulira yekha popanda loya. Bungwe la Legal Aid Board limathandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Kulikonse kumene munthu apita, afotokoze nkhani yonse pa tsiku loyamba, osasiyako kanthu poganiza kuti nkakang'ono. Wodziwa malamulo ndiye adzasankha zofunika.

Nanga mau a makolo aja tiwataye? Iai. Nthawi ikatha, lamulo limatseka chitseko cha khoti, koma silinena kuti bodza lasanduka zoona. Amene ananamiza mnzake akhala wonama ndithu, ndipo anthu a pamudzi adzakumbukira. Chotero mwambi uja ukali ndi nchito yake: uchenjeza wogulitsa kuti anene zoona. Lamulo la nthawi nalo lichenjeza wogula kuti asagone. Ambiri a inu mudzakhala ogula ndi ogulitsa omwe, ndipo machenjezo onse awiri ndi anu.

Kwa lero tilekere pomwepa. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana.

MAFUNSO

1. Kodi kutama malonda kusiyana bwanji ndi kunamiza pa malonda? Perekani chitsanzo chimodzi cha chilichonse.
2. Tchulani zifukwa ziwiri zimene lamulo linaikira malire a nthawi yosumira.
3. Bambo wina anakongoza mnzake ndalama zoti zibwezedwe mu 2021. Mnzakeyo sanalipireko kanthu ndipo sanalembe kalata. Kodi nthawi yosumira idzatha chaka chiti?
4. Munthu wavulala pa ngozi ya basi mu 2024. Kodi ali ndi zaka zingati zosumira, ndipo zidzatha chaka chiti?
5. Chifukwa ninji khoti likhoza kulola nkhani ya matumba a chigayo koma nkukana nkhani ya ngolo?

NCHITO YA PAMBUYO PA NKHANI

Aphunzitsi, gawani ana m'magulu. Gulu lililonse lilembe chikalata chachifupi cha dandaulo la mai wa chigayo, chonena amene analankhula, mau amene ananena, tsiku, malo ndi chuma chimene chinataika. Magulu asinthane mapepala, ndipo gulu lililonse lifufuze chimene anzao asiya. Pomaliza, ana akafunse akuluakulu kwao za m'mene milandu ya ngongole imaweruzidwira pa bwalo la mfumu, ndipo adzafotokoze m'kalasi pamene njira imeneyo ifanana ndi ya khoti ndi pamene isiyana nayo.